Abungwe anapita, koma mjigo wathu ukutulutsabe madzi

Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Ntcheu, mbali za ku Lizulu. Tikakumana pamsika kapena kumsonkhano wa chitukuko, anzanga a m'midzi ina amakonda kundifunsa kuti, "Kodi abungwe aja akubwerabe kwanu?" Ndikawauza kuti anasiya kubwera mu 2020 sakhulupirira, chifukwa mjigo wathu ukutulutsabe madzi, mbuzi zikupitabe khomo ndi khomo, ndipo banki mkhonde yathu imagawana chaka chilichonse. Ena mpaka amati pali mzungu amene amatitumizira ndalama mwakabisira. Palibe zimenezo. Ndaganiza zolemba mmene zinayendera kuti mwina zithandize midzi imene bungwe lakunja langofika kumene, ndiponso imene abungwe atsala pang'ono kutsanzika.

Bungwelo linafika kwathu mu 2016, chaka cha njala ija ya chilala, pamene anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno anafunika thandizo la chakudya. Silinali bungwe lalikulu la magalimoto ambirimbiri ayi. Linali ndi galimoto imodzi, mlangizi mmodzi wachimalawi wokhala kuboma, ndi anthu odzipereka ochokera ku Ulaya amene ankabwera mosinthana, ena kwa milungu yochepa, ena kwa miyezi. Anadzera kukhonsolo, kenako ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, mpaka anafika kwa amfumu athu. Tsiku limene anaitanitsa msonkhano, anthu tinapita titapinda matumba m'khwapa, chifukwa mbiri inali itawanda kale kuti kukubwera chimanga.

Mlangizi uja anaimirira n'kunena mosapita m'mbali kuti iwo sagawa chimanga, ndipo ofuna chimanga adikire aboma ndi mabungwe a zachakudya. "Ife tabwera ndi zinthu zitatu," anatero, "madzi, mbuzi ndi bokosi. Chilichonse chili ndi mbali yanu yoti muchite. Ndipo ndikuuzirenitu lero lomwe, pakatha zaka zinayi tidzachoka." Anthu ambiri anadzambatuka n'kumapita akung'ung'udza. Ine sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu amene ana ake agona ndi njala safuna kumva za zaka zinayi. Tinatsala ochepa, ambiri azimayi.

Pa zonse zimene bungwe lija linatichitira, ine ndimayamikira kwambiri kutiuziratu nthawi yochoka. Tinaonapo ntchito zina zikufika ndi nyimbo ndi magule, zikwangwani n'kuzikidwa kumsewu, koma popanda wotiuza kuti zidzatha liti. Tinkangoona galimoto yasiya kubwera, zonse n'kufera pomwepo. Ukadziwa kuti wokuphunzitsayo achoka, umatchera khutu mwamtundu wina. Amfumu athu, amene anatsala nafe pamsonkhanopo, anangoti, "Mlendo ndi mame. Tiyeni titengeko zimene wabweretsa dzuwa lisanakwere."

Nkhani ya madzi ndiyo inali pamtima pa aliyense. Tinkatunga pachitsime chakudambo chimene chinkaphwa ikafika Okutobala, ndipo zikatero tinkalawirira kumtsinje komwe ng'ombe zinkamweranso. Mgwirizano unali wakuti bungwe lilipira makina okumba, mapaipi, simenti ndi mjigo weniweniwo. Ife tiumbe njerwa, titute mchenga ndi miyala, tisankhe komiti ya anthu 10, theka lake azimayi, ndipo tisonkhe ndalama zokonzera mjigo makina asanafike n'komwe. Apa ndi pamene panavuta. Bambo wina anaimirira n'kufunsa kuti, "Amfumu, azunguwa ndalama ali nazo. Nanga akufuniranji timakwacha ta amphawi, chaka cha njala ngati chino?" Mlangizi anayankha kuti iye sadzakhudza ngakhale tambala, ndalamazo zidzakhala m'manja mwa msungichuma amene tisankhe tokha. Koma anatsindika kuti thumba likakhala lopanda kanthu, makina sabwera.

Zinatenga nthawi kuti zikwane. Ena anapereka ndalama, ena mbale ya nyemba, ena ndowa ya kachewere kuti tikagulitse pa Lizulu tsiku la msika. Lero ndimaona kuti kusonkha kuja ndi kumene kunasintha mmene anthu amauonera mjigowo. Mwana akamalendewera pachogwirira, aliyense wodutsa amamukalipira, chifukwa nyemba zake zili pamenepo.

Mwa anthu odzipereka amene anabwera, amene sindidzawaiwala ndi bambo ena achikulire, a imvi mutu wonse, amene anapuma pa ntchito yokonza mapaipi a madzi kwawo. Chichewa chawo chinali cha moni basi. Tsiku lophunzira kukonza mjigo anafika limodzi ndi makaniki wa m'dera lathu, anayala thumba pansi, n'kuikapo sipana imodzi, chokowera, ndi timalabala takuda. Atatero anabweza manja kumbuyo n'kuima poteropo. Azibambo a m'komiti anathamangira sipana, koma iwo anapukusa mutu n'kuloza ife azimayi. Makaniki anatanthauzira kuti, "Akuti amene amatunga madzi ndi amene amayamba kudziwa kuti mjigo wayamba kuvuta. Amayi, senderani kuno."

Ndinamasula chivundikiro manja akunjenjemera. Tinachotsa chogwirira n'kuyamba kukoka marodi, imodziimodzi, tikumasula pokolekera n'kumawagoneka pamitengo kuti asakhudze dothi. Anali oterera ndi olemera, ndipo mnzanga wina anatsala pang'ono kutaya imodzi m'dzenje. Bambo aja sanasunthe, manja ali kumbuyo, ngakhale nkhope yawo inachita kufiira. Kumapeto kwa rodi yomaliza kunatuluka kachipangizo ka pulasitiki kokwana m'dzanja, kokhala ndi labala mozungulira. Makaniki anakanyamula m'mwamba n'kuti, "Mwaona? Mijigo yambiri imene mumaiona itafa m'midzimu yafa chifukwa cha kalabala aka." Tinakachotsa, tinakaikanso, tinabwezera marodi onse. Madzi atangotuluka ife n'kuyamba nthungululu, bambo aja anazunguza chala m'mwamba kuti tiyambirenso. Dzuwa linapendeka tikumasula ndi kumanga, mpaka manja anazolowera.

Tikupuma, makaniki anatiuza kuti mjigo wamtunduwu, wotchedwa Afridev, chiyambi chake chili konkuno. Unayamba kupangidwa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ukutchedwa Maldev, unayesedwa m'chigwa cha Livulezi m'boma lathu lomwe lino la Ntcheu, kenako anakaumalizira ku Kenya. Amene anaupanga ankafuna kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipana imodzi, osadikira galimoto yochokera kuboma. Zinandikhudza kwambiri kuti chinthu chopangidwira manja athu, choyesedwa kuseri kwa mapiri athu omwewa, anthu m'midzi timachiopa kuchigwira chikawonongeka.

Kwa anzanga a m'makomiti, zizindikiro zimene anatiphunzitsa ndi izi, ndipo sizinatinamizepo. Mukamapopa koma madzi akutuluka pang'ono kusiyana ndi kale, labala wa pulanja, kachipangizo ka pulasitiki kaja, watha. M'mawa mukamapopa nthawi yaitali madzi asanafike, ndiye kuti usiku madzi akubwerera pansi, vuto lili pa valavu yapansi kapena paipi ina yang'aluka. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku kapena kumalira, mabushi atha, ndipo mukazengereza chitsulo chiyamba kudya chitsulo chinzake, pamenepo mulipira zambiri. Malabala, valavu ndi mabushi timasintha tokha. Za mapaipi apansi timaitana makaniki, ndipo timamulipira kuchokera m'thumba tsiku lomwelo. Makaniki amene mwamukongoza sabweranso msanga.

Tsiku lina tikudya mbatata pansi pa mtengo, mayi wina anawafunsa bambo aja kudzera mwa mlangizi kuti, "Agogo, kodi ndalama zonsezi kwanuko mumazitenga kuti? Ndi za boma?" Anatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi. Tinaona azimayi okalamba ataima kuseri kwa tebulo muholo ya tchalitchi, akugulitsa tiyi ndi makeke. Tinaona kasitolo ka zovala zakaunjika komwe ogulitsa ake salandira malipiro. Tinaona mnyamata atatuluka thukuta, akuti anathamanga mtunda wautali kuti abale ndi anzake asonkhepo kangachepe. Iwo eni tikiti ya ndege anagula ndi ndalama zawo za penshoni. Mayi anafunsa uja amagulitsa zitumbuwa, ndipo amadziwa bwino kuchepa kwa phindu la beseni limodzi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye mjigo umodziwu ndi makeke angati?"

Ambiri a ife timaganiza kuti ndalama zakunja zimangotoledwa pansi. Mwina zilipo zotero, koma zimene zinakumba mjigo wathu zinali za thukuta la anthu wamba, ena a iwo okalamba kuposa ife. Funso la mayi uja linayenda m'mudzi monse, ndipo mpaka lero wina akamavuta kusonkha, pamapezeka wolikumbutsa. Kulola chinthu chotero kuti chife chifukwa cha kalabala ndi manyazi kwa ife, ndipo ndi kupanda ulemu kwa agogo aja a pazithunzi.

Thumba la mjigo timaliyendetsa chonchi. Khomo lililonse limasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo amene alibe ndalama amaloledwa kudikira nthawi yokolola n'kupereka chimanga, nyemba kapena kachewere za miyezi yonse pakamodzi. Agogo okhala okha ndi mabanja a ana amasiye sasonkha, ndipo mayina awo amatchulidwa pagulu kuti pasakhale manong'onong'o. Ine ndimalemba m'kope, msungichuma amasunga ndalama, ndipo sitichokera banja limodzi. Amfumu sali m'komiti, kuti tikasemphana pakhale wotiweruza. Miyezi itatu iliyonse timawerenga kope lonse pabwalo, zolowa ndi zotuluka, malisiti ali m'manja. Msonkhano umenewu ndi wotopetsa, ena amachita kuwodzera, koma musaulumphe. Anthu sasiya kusonkha chifukwa cha umphawi wokha. Amasiya akayamba kukayikira kumene ndalama zawo zikugona.

Lamulo limene linatisautsa kwambiri kulisunga ndi lakuti ndalama za mjigo sizibwerekedwa pamaliro. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira, maliro agwa usiku, bokosi la maliro palibe, ndipo aliyense akudziwa kuti msungichuma ali ndi kenakake. Zinatichitikira pamaliro a m'banja la amfumu lenilenilo. Akuluakulu anatuma munthu kwa apampando athu, amene ndi mayi, ndipo iwo anapita okha kukagwada n'kunena kuti, "Amfumu, pepani ndithu, izi ndi za madzi. Za maliro tisonkha zina pompano." Anayamba ndi iwo kumasula mfundo ya chitenje chawo, ife tinatsatira, ndipo mbale inazungulira mudzi wonse. Amfumu sanakwiye. Tikanatsegula khomo limenelo tsiku lija, sitikanatha kumukaniza wina aliyense pambuyo pake.

Chinanso ndi kugwa kwa ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Zipangizo za mjigo zambiri zimachokera kunja, choncho mitengo yake inakwera nthawi yomweyo, ndipo makomiti amene ankaunjika ndalama m'chitini anapeza kuti sizikugulanso zimene ankayembekezera. Ife chinatipulumutsa ndi langizo la makaniki wathu, lakuti ndalama zikangokwana tizigula zipangizo, malabala, mabushi ndi rodi imodzi kapena awiri, n'kuzisunga m'nyumba pamalo ouma, posafika dzuwa ndi makoswe. Musadikire kuti mjigo ufe ndiye mukayambe kufunsa mtengo.

Phindu lake tinaliona m'nyengo ya kolera ya 2022 mpaka 2023, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mjigo wathu unaleka kukweza madzi m'kati mwenimweni mwa mvula. Azimayi a m'komiti tinaumasula m'mawa, ndipo pofika masana anthu anali akutunga, azaumoyo akuthira kolorini m'zidebe. Mudzi wina woyandikana nafe, umene unalandira mjigo chaka chimodzi ndi ife, unali utabwerera kale kumtsinje chifukwa komiti yawo inabalalika. Anabwera kudzatunga kwathu ndipo sitinawakanize, madzi sakanizana. Mliri utachepa tinatenga sipana n'kupita kukawathandiza kumasula wawo. Unali utakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, koma vuto lake linali kalabala komweko.

Za mbuzi sindichulutsa. Njira yopatsirana ziweto si yachilendo, bungwe la Heifer International la ku America linayamba nayo mu 1944, ndipo mabungwe ambiri anatengera. Banja limalandira mbuzi zazikazi, zikaswa limapereka ana aakazi chiwerengero chomwecho kwa banja lotsatira, zotsalazo n'kukhala zake. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, choncho wodikira sadikira mpaka kalekale. Chimene chinagwira ntchito kwathu ndi chakuti wolandira wotsatira amadziwika tsiku lomwelo limene woyamba akulandira, ndipo amamanga khola lake la m'mwamba nthawi yomweyo. Munthu amene khola lake lili chiimire lopanda kanthu amayendera mbuzi za mnzake kuposa komiti ina iliyonse. Bambo wina anafuna kugulitsa yake kwa okazinga kanyenya, ponena kuti yadwala ndipo ifa. Mayi wamasiye amene ankadikira ana a mbuziyo anafika m'mamawa, anakhala pakhomo pa khola n'kuti, "Alamu, ngati yadwala tiitane alangizi a ziweto. Ine ndikhala pompano mpaka abwere." Alangizi atabwera anapeza kuti ndi njoka zam'mimba chabe, anaimwetsa mankhwala, ndipo nthawi itakwana mayiyo analandira zake pamaso pa amfumu.

Chimene ambiri sitinkachiwerengera ndi manyowa. Pansi pa khola la m'mwamba ndowe zimaunjikana zouma bwino. Tikazisakaniza ndi phulusa, madeya, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21, timapeza manyowa a Mbeya. Ndi mmene feteleza wakwereramu, mabanja ena kwathu amasunga mbuzi chifukwa cha ndowe kuposa nyama.

Bokosi limene mlangizi ananena lija ndiye banki mkhonde. Bungwe silinaikemo ndalama. Linangopereka bokosi lachitsulo la maloko atatu, timabuku, chidindo ndi maphunziro. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991, pakati pa azimayi akumudzi mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo mphamvu yake ili pa malamulo ochepa osavuta kumva. Makiyi atatu amasunga anthu atatu, bokosi limagona kwa wachinayi, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Aliyense amagula sheya imodzi mpaka masheya asanu pamsonkhano uliwonse, ngongole siiposa katatu zimene munthu wasunga, ndipo pali kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Ife timagawana mvula ikayandikira, kuti ndalama zipite kumbewu ndi feteleza zisanakumane ndi Khirisimasi. Ine ndekha, gawo langa ndi limene ndimachitira lendi dimba la kabichi, ndipo kabichiyo ndi amene walipirira mwana wanga wamkazi kusekondale.

Magulu amene ndawaona akugwa agwa pa zinthu ziwiri. China ndi kukongoza munthu wakunja kwa gulu chifukwa walonjeza chiwongoladzanja chachikulu. China, choopsa kwambiri, ndi kukakamiza mamembala kutenga ngongole pamene alibe bizinesi, n'cholinga choti bokosi litupe. Mayi amatenga ngongole imene sanaifune, amagulira ndiwo ndi sopo, tsiku lobweza likafika amathamangira kwa akatapila, mapeto ake kulandidwa ziwiya ndi malata, nthawi zina banja kutha. Zimandiwawa kwambiri ndikamva zotere, chifukwa bokosi linabwera kudzachotsa anthu m'manja mwa akatapila. M'gulu mwathu amene akufuna kungosunga amasunga, palibe womuyang'ana ndi diso loipa.

Si alendo onse amene anasiya luso ngati bambo achikulire aja. Kunabweranso achinyamata a milungu iwiri, amtima wabwino ndithu, amene ankafuna kugwira chilichonse ndi manja awo, kuponda dothi, kupenta, kunyamula ana n'kumajambula. Sindiwanyoza, chifukwa ambiri a iwo ndi amene amabwerera kwawo n'kukasonkhetsa ndalama. Koma kuumba njerwa ife timadziwa kale. Mlendo akafika, mufunseni chimene amadziwa chimene inu simudziwa, ndipo muike munthu wanu pambali pake. Mtsikana wina tinamva kuti kwawo amagwira ntchito yowerengera ndalama. Tinamuchotsa padothi n'kumukhazika ndi ine pamkeka, ndipo anandijambulira mizere m'kope, apa tsiku, apa dzina, apa zolowa, apa zotuluka, apa zotsala. Kalembedwe kameneko ndi kamene ndikugwiritsabe ntchito. Dziwaninso kuti muli ndi ufulu wokana kuti mwana wanu ajambulidwe ali maliseche kapena akudwala. Ife tinawauza mwaulemu, ndipo anamva.

Bungwe lathuli silinkapereka alawansi pamaphunziro, nthawi zina chakumwa ndi banzi basi. Ena anatuluka m'komiti chifukwa cha zimenezo, ndipo kutuluka kwawo kunatithandiza, chifukwa komiti ya anthu obwerera alawansi imatha tsiku limene alawansiyo yatha. Posankha, yang'anani munthu amene amasesa pamjigo popanda womutuma, osati wodziwa kuyankhula pamaso pa alendo.

Muchenjerenso ndi anthu amene amayenda m'midzi atavala malaya olembedwa dzina la bungwe, n'kumalemba mayina polipiritsa, akulonjeza mbuzi kapena feteleza. Kuwazindikira kwake n'kosavuta. Ndalama zimene bungwe loona limati musonkhe zimatsala m'mudzi mwanu, m'manja mwa munthu wanu. Wina akafuna kuchoka nazo, mufunseni kalata ya kukhonsolo, ndipo amfumu kapena apampando a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, aimbe foni kuboma iye ali pomwepo. Mabungwe amayenera kulembetsedwa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe, ndipo ntchito yawo imayamba yadutsa kukhonsolo isanafike m'mudzi.

Kutsanzikana kwathu sikunayende monga tinakonzera. Mu Malichi 2020, matenda a Covid-19 atafala padziko lonse, odzipereka onse anaitanidwa kwawo mwadzidzidzi, ndipo bambo achikulire aja sitinawaonenso. Mlangizi anabwera yekha patapita miyezi, atavala masiki, kudzasiya zonse m'manja mwathu. Ngati bungwe la kwanu latsala pang'ono kuchoka, musatanganidwe ndi magule ndi nkhuku za alendo n'kuiwala mapepala. Funsani pepala lonena kuya kwa mjigo, chiwerengero cha mapaipi ndi marodi amene ali pansi, chaka chimene unakumbidwa, ndi zotsatira za kuyeza madzi. Funsani nambala ya makaniki, ya ofesi ya zamadzi kuboma, ndi sitolo yogulitsa zipangizo, ndipo mmodzi wa inu apiteko yekha akaione abungwe asanachoke. Mndandanda wa mbuzi, amene analandira ndi amene akudikira, ukhale wolembedwa ndi wodindidwa ndi amfumu. Pemphaninso kuti akukumanitseni maso ndi maso ndi alangizi aboma a zamadzi, a ziweto ndi a chitukuko, chifukwa amenewo ndi amene mutsale nawo. Ife mapepala amenewa tinawakopera, ndipo amagona m'nyumba ziwiri zosiyana poopa moto ndi chiswe.

Chaka cha 2025 chitangoyamba, boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, ndipo ntchito zambiri m'dziko muno zinaima popanda kutsanzika. Ngati thandizo la boma lalikulu chonchija lingaime mwadzidzidzi, kuli bwanji la kabungwe kodalira tiyi ndi makeke? Choncho ngakhale abungwe a kwanu sanakuuzeni tsiku lochoka, afunseni inuyo, ndipo muyambe kusonkha, kulemba ndi kugwira sipana iwo akadalipo kuti akukonzeni pamene mwaphonya.

Sindikunena kuti kwathu umphawi unatha. Chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ifenso chinatikhudza, tinakolola zochepa. Mabanja ena anagulitsa mbuzi kuti agule chimanga, koma anagulitsa zawozawo atapereka kale za mnzawo, ndipo sanapite kukagwira ganyu m'minda ya ena yawo ikulowa tchire. Mudzi nawo wakula, ndipo mjigo umodzi wayamba kuchepa, m'chilimwe mzere wa zidebe umafika kumsewu. Mapaipi apansi akukalamba, makaniki wanena kale kuti tiyenera kuwasintha onse, ndipo mtengo wake ukuposa zimene zili m'thumba. Komiti yapempha kuti chopereka cha pamwezi chikwere, koma azibambo ena akukana, akuti tilembe kalata ku Ulaya. Azimayi ambiri tikuti kalatayo ikhoza kulembedwa, koma mjigo sungadikire yankho lake. Nkhaniyi tikaikamba pabwalo la amfumu tikangomaliza kukumba kachewere, ndipo makaniki walonjeza kubwera ndi mitengo ya mapaipi yolembedwa papepala kuti aliyense aione ndi maso ake.